Mphindi Khumi za Lachinayi

Tuzla, 28 Januwale 1993

Achimwene a Midhat,

Moni ku Graz konko, inu, alamu ndi ana. Kuno ine ndi Amayi tili moyo. Alamu anu a Nijaz akadali kumzere wa nkhondo. Papita milungu itatu osawaona, koma mnzawo anabweretsa masokosi awo oti ndichape, ndiye kuti miyendo akadali nayo.

Achimwene, Bambo atisiya. Loweruka m'mawa anatenga jekete yawo yabwino ija kuti akasinthanitse ndi fodya kumsika. Ndinaima pakhomo kuwaletsa. Anati, "Choka apo iwe! Ndinakubala ndine, sunandibale ndiwe." Bomba linagwa pakati pa mabenchi a ogulitsa anyezi. Nditafika ndinapeza anthu akukokolola ndi mafosholo chipale chofewa chofiira ndi magazi. Bambo ndinawadziwira nsapato, chifukwa kumtundaku kunalibe choti munthu n'kudziwira. Tinawanyamulira pa chitseko. Kumanda shehe anafupikitsa pemphero poti mizinga ya kuphiri inali itayambanso, ndipo amuna ankakwirira atawerama. Amayi sanalirebe mpaka lero. Amangopukuta magalasi a Bambo.

Ntchito ija ya kuholo ya sukulu ndikuigwirabe. Anthu othawa kumidzi ya kum'mawa akubwerabe wapansi m'chipale, ena zala zitathothoka ndi kuzizira. Ine ndimakhala pa kompyuta yakale ija ya kufakitale ya nsapato n'kumataipa zimene akunena: anatengedwa ndani, tsiku liti, anamutenga ndani, anaona ndani. Mayina apitirira mazana asanu. Anthuwa salankhula kawiri, achimwene. Kompyutayi ikapsa, zonse zapsa.

Pepala ndi inki zosindikizira zonsezi tilibe. Makalata pa rodibuloko sawawerenga, ndi matumba ambirimbiri, amangowapapasa kufuna zolimba. Mwezi watha anapeza disiki yanga m'thumba lotero. Dalaivala anamuwombera mabondo onse awiri n'kumusiya m'ngalande. Sindingapemphenso munthu.

Mu Disembala munanena za kabokosi kotumizira zolemba pa chingwe cha foni. Kuno kuli foni imodzi yotulukira kunja, m'chipinda cha pansi pa ofesi ya bungwe lina lothandiza anthu. Mayi amene amaiyang'anira, a Ljerka, andilonjeza mphindi khumi Lachinayi lililonse masana. Katumizeni kabokosiko. Mutumizenso mankhwala a Amayi a kuthamanga kwa magazi.

Ndine mlongo wanu,
Vildana

Graz, 6 Febuluwale 1993

Vildana mlongo wanga,

Moni nonse kwathuko. Kuno tili bwino, kungoti ana ayamba kutukwana m'Chijeremani. Chiyambire Disembala palibe kalata yako imene yafika, ndiye ndikungolemba m'malere. Muli bwanji? Amayi ali bwanji? Nanga mkulu wa asilikali uja, Bambo? Uwauze kuti fodya wawo ndaika pansi pa phukusi, asiye kuzungulira m'misika ngati mnyamata wofuna mbeta. Ndikudziwa ayankha kuti mwana wothawa nkhondo asawaphunzitse kayendedwe.

Ng'amba thumba la ufa limene dalaivala akupatse. M'kati muli modemu ija ndinakuuza, zingwe zake, ndi disiki ya pulogalamu yoimbira. Tsono tchera khutu, usachite zako zija zowerenga mzere woyamba wokha.

Chingwe chachikulu chilowe kumbuyo kwa kompyuta, polowera pa mano asanu ndi anayi. Chaching'ono chilowe pakhoma pamene pamalowa foni. Ukatsegula pulogalamu, liwiro uike pa 2400, ndipo pamzere wotsatira pakhale 8N1. Usandifunse tanthauzo, masamu ndinakufotokozera zaka zinayi osaphula kanthu. Kenako utaipe AT n'kudina batani lalikulu. Ikayankha kuti OK, ndiye kuti yadzuka. Poimba utaipe ATDT n'kutsatiza nambala yanga. Umva kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Usaope, ndi makina awiri akupatsana moni. Pa sikirini pakatuluka CONNECT, upite potumizira fayilo, usankhe XMODEM poti ndi yosavuta, ulembe dzina la fayilo yako. Basi. Ngakhale Nijaz angathe.

Kompyuta yanga imakhala yoyaka nthawi zonse, ikungodikira iwe. Kuno kuli maloya amene akusonkhanitsa maumboni otere, ndipo akuti chimene akusowa ndi mayina okhala ndi masiku ndi mboni.

Amayi uwakumbatire. Bambo uwakoke khutu m'malo mwanga.

Mchimwene wako,
Midhat

Tuzla, 26 Febuluwale 1993

Achimwene,

Moni. Phukusi lafika. Fodya wa Bambo Amayi amuika patebulo pambali pa magalasi, ndipo palibe akumukhudza. Khutu loti ndikoke kulibe. Tinalifuna pamsika paja, sitinalipeze.

Ndikudziwa kuti mwina kalata yanga simunailandire. Ndikudziwa. Komabe masamba anu a nthabwala ndi manambala ndinawawerenga ndili chiimire, ndipo mukanakhala pafupi ndikanakuswani pakamwa ndi modemu yomweyi. Iwe Midhat, ukudya katatu, ukugona pabedi, n'kumasekanso?

Dzulo ndinayesa. Kompyuta ndinaikankha pa ngolo ya mwana makilomita awiri, panjira ndinadzigwetsa pansi katatu kubisalira mabomba. Pakhomo ndinapeza anthu makumi anayi pamzere, aliyense ali ndi kapepala ka nambala m'manja. A Ljerka anandilowetsa. Ndinalumikiza zonse monga munanenera. AT inayankha OK. Nditataipa ATDT ndi nambala, panatuluka NO DIALTONE. Ndinabwerezanso, chimodzimodzi. Kasanu.

Kumbuyo kwanga kunali msilikali wina womangidwa bandeji kumutu, amene anadikira chiyambire m'mamawa kuti alankhule ndi mkazi wake ku Sweden. Anakuwa kuti, "Inu mayi, ife tikufa kunja kuno, inu mukuimba piyano?" Anandigwira tsitsi n'kundimenyetsa nkhope patebulo kawiri. Dzino lam'tsogolo linathyoka, magazi analowa m'mabatani. A Ljerka ndi kamayi kochepa thupi, ka zaka makumi asanu ndi limodzi, koma anatola sipanala ya jenereta n'kumukhoma nayo padzanja mpaka fupa linamveka. Anati, "Muno wolamula ndine! Ukamukhudzanso, mkazi wakoyo uzilankhula naye kumaloto." Msilikaliyo anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana. Iyeyo sindinamukwiyire. Ndakwiyira inu.

A Ljerka akuti ndikuuzeni izi, mwina n'zofunika. Foni yawo ndi yakale, yozungulitsa ndi chala. Ukainyamula silira mosalekeza ayi, imalira modukizadukiza. Poimba kunja iwo amayamba ndi ziro, n'kudikira pang'ono, kenako nambala.

Mundiyankhe zenizeni, osati za amphaka.

Vildana

Graz, 12 Malichi 1993

Vildana,

Moni kwa iwe ndi Amayi. Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Yoyamba ija inagona milungu isanu ndi umodzi m'lole imene inagwidwa panjira. Ine ndinayamba kutsegula yachiwiri, choncho imfa ya Bambo ndinaimvera pa khutu lija. Ndinatuluka panja n'kumenya khoma la garaja mpaka zala ziwiri zinathyoka. Ndikulemba ndi lamanzere. Sindikupempha kuti undikhululukire. Dzino lakolo ndathyola ndine, chifukwa ndinakulembera ngati uli ndi foni ya kuno.

Vuto ndaliona, ndipo nthawi ino ndayesa pa foni yakale ya mwini nyumba wanga.

Foni yozungulitsa siimva ATDT, imamva ATDP. Komanso modemuyo ikudikira kulira kosalekeza kumene foni yanuyo ilibe. Uike X3, ndiko kuiuza kuti iimbe osamvetsera. Pambuyo pa ziro uike mipatuliro iwiri, poti mpatuliro uliwonse umaidikiritsa masekondi awiri. Mzere wonse ukhale chonchi, kenako nambala yanga:

ATX3DP0,,

Liwiro ulitsitse pa 1200. Chingwe chodutsa m'mapiri chili ndi phokoso, ukathamanga ugwa.

XMODEM uyiiwale. Imeneyo ikaduka imayambiranso pachiyambi, ndipo iwe ulibe nthawi yoyambiranso. Usankhe ZMODEM. Chingwe chikaduka, chimene chafika kale kwa ine chimasungika, ndipo ukadzaimbanso imapitiriza pomwe inalekera, bola fayilo ikhale yomweyo, dzina lomwelo, usawonjezemonso kanthu. Pa disiki paja pali kapulogalamu kopanikizira fayilo kuti ichepe. Ukaipanikiza, ndikuona kuti ifuna Lachinayi zitatu.

Zonsezi uzisungiretu m'pulogalamu uli kunyumba, kuti kumeneko uzikangodina batani limodzi. Usakaphunzirirenso pamaso pa anthu a mfuti.

Lachinayi lililonse ndizipempha tchuthi, ndizikhala pamaso pa kompyuta. Amayi uwauze kuti... sindikudziwa. Uwauze kuti ndamva.

Midhat

Tuzla, 7 Epulo 1993

Achimwene,

Moni. Kalata iyi ndaitaipa kunyumba, ndiitumiza mawa pa chingwe fayilo isanayambe. Masekondi ochepa okha, m'malo mwa milungu isanu ndi umodzi!

Sabata yatha mphaka wanu uja analiradi. Pa sikirini patatuluka CONNECT, a Ljerka anandimenya pamsana mpaka ndinatsamwa. Anthu a pamzere anasiya kung'ung'udza n'kumasuzumira manambala akukwera. Bambo wina anafunsa kuti, "Kodi akulankhula ndani?" A Ljerka anati, "Ndi akufa. Khalani chete." Mphindi khumi zitatha fayilo inali itafika pa 33 peresenti.

Mayina atsopano ndikuwaika m'fayilo ina monga munanenera. Lolemba kunabwera mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amuna onse a m'mudzi mwawo anawatsekera m'khola la ng'ombe, n'kuponyamo mabomba a m'manja, otuluka akumawawombera pakhomo. Iye ankaonera pa denga la nyumba yoyandikana, atadziluma dzanja kuti asakuwe. Chipsera ndinachiona. Anatchula mayina makumi awiri ndi atatu osapumira, kenako anasanza pa nsapato zanga.

Alamu anu anabwera masiku awiri. Tinakangana kwambiri. Akuti, "Mchimwene wakoyo akufuna kutchuka ndi mitembo yathu, iye ali pa mpando wa khushoni." Anamenya mbale pakhoma. Ndinawauza kuti atole okha.

Za dzino lija, iwalani. Ndikuoneka ngati agogo, koma ndikulumabe.

Mlongo wanu,
Vildana

Graz, 30 Epulo 1993

Vildana,

Moni, ngati moni wanga ukumulandirabe. Iyi ndaipatsa dalaivala poti pa chingwe wandithawa. Lachinayi zitatu tsopano ndakhala pamaso pa kompyuta ngati chitsiru, foni ili duu.

Ndikudziwa chimene ndinalakwa. Tsiku lija la pa 8, nditawerenga kalata yako, ndinataipa kuti umusiye Nijaz ndi maenje ake a kunkhondowo, ubwere kuno ndi Amayi. Sunayankhe, unangoyambitsa fayilo. Itafika pa 66 panatuluka NO CARRIER, ndipo chiyambire pamenepo ziii.

Ngati wakwiya, nditukwane, unayamba kale. Ngati ndi mwamuna wakoyo wakuletsa, umuuze kuti ine sindinatchukepo ndi kanthu, ndimakonza makina a m'sitolo ya mipando. Koma dziwa ichi: fayilo yopanikizidwa sitseguka mpaka itafika yonse. Chimene ndili nacho pano ndi zinyalala, sindingawerengemo ngakhale dzina limodzi. Anthu mazana asanu aja uwasiya panjira chifukwa cha mkangano wa m'banja? Sindinkadziwa kuti ndiwe wotero.

Imba.

Midhat

Tuzla, 14 Meyi 1993

Alamu,

Moni. Ine si wa makalata, ndiye ndingonena.

Amene munkamulembera dzulo pa sikirini kuti "pepa mlongo wanga, pepa," ndinali ine Nijaz. Sindinayankhe poti zilembo ndimachita kuzisaka chimodzichimodzi.

Mlongo wanu sanakwiye. Pa 8 Epulo chingwe sichinaduke chokha. Bomba linalowera pa kawindo ka m'mbali mwa msewu n'kuphulikira m'chipinda chomwecho. Mayi Ljerka anafera pampando wawo, foni ili pamiyendo. Anthu asanu a pamzere anafa, wina mutu anautola pa masitepe. Vildana anatuluka yekha, akuyenda, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere ngati wanyamula mwana. Kuchipatala analidula pa chigongono, mankhwala ogonetsa atatha. Anthu anayi ankamupanikiza patebulo. Diso lamanzere nalonso linapita.

Ine anandiuza patatha masiku asanu ndi anayi. Ndinathamanga kuchokera kumzere ndi matope omwe. Mukudziwa mawu ake oyamba atandiona? "Disiki ili m'thumba la jasi. Inafika pati?" Osati Nijaz wabwera, ayi. Inafika pati.

Modemu yanuyo ndinakaifukula m'zigumu ndekha. Kompyuta inaphwanyika, koma kabokosiko kanangosweka chivindikiro. Tsiku limene kalata yanu yomaliza inafika ndinaiwerenga ndine. Mukanakhala pafupi, alamu, sindikudziwa. Ndinaika kabokosiko pansi n'kukweza chitsa cha mfuti. Apongozi anga, amene sanalankhule ndi munthu chiyambire Januwale, anandigwira lamba n'kunena kuti, "Nijaz, ukaswa chimenecho, dzanja la mwana wanga lapita pachabe." Ndinatsitsa mfuti.

Foni anaisamutsira m'chipinda china cha pansi. Kompyuta ndinabwereka kwa mphunzitsi wina. Vildana anandiuza zonse ali pabedi, akunditukwana kuti mutu wanga ndi wa nkhosa, ndipo ndinazilemba ndi bolopeni pamkono. Akuti fayilo ndi yomweyo, ipitiriza yokha kwa inu. Sindinakhulupirire.

Ulendo woyamba ndinaiwala timipatuliro tanu tija, sinalowe. Anthu a pamzere anayamba kukuwa. Ndinaika mfuti patebulo n'kuwauza kuti wofuna foniyi adutse pa ine. Ulendo wachiwiri inalira. Nambala inayambira pa 66 pomwepo. Mizinga inayamba ili pa 80, fumbi likugwa kudenga, magetsi akuphethira, anthu onse atagona pansi. Ine ndinakhala chikhalire, ndaphimba kabokosiko ndi chipewa changa chachitsulo. Itafika pa 100 ndinazula zingwe n'kuthamangira kwa Vildana.

Nditamuuza, anangotembenukira kukhoma n'kugona tsiku lonse.

Zimene munanena za ine ndi maenje anga sindinaziiwale, tidzakambirana maso ndi maso. Pakali pano tumizani mabandeji ndi mankhwala opha ululu. Akumva kuwawa zala zimene kulibe.

Nijaz

Graz, 29 Meyi 1993

Vildana mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa Amayi ndi kwa alamu a Nijaz, amene ndikuwapempha akuwerengere kalatayi. Alamu, chimene mudzafune kundichita tikadzakumana, ndidzaima chiimire. Mankhwala ali m'phukusi, ndasesa mashelefu a madokotala atatu. Kalata yanga yomaliza ija muiwotche.

Fayilo inatseguka. Mayina 562, onse ndi masiku awo ndi mboni zawo. Maloya atenga yawo. Mmodzi anawerenga masamba atatu n'kutuluka panja.

Koma ndachitanso china chimene sitinapangane. Kunja kwa mzinda kuno kuli nyumba zakale za asilikali kumene akusunga anthu athu othawa, opitirira chikwi. Ndinasindikiza mayina onse n'kukawamata pakhoma la khonde, kuyambira kukhitchini mpaka kuzimbudzi. Anthu anatuluka m'zipinda, ena sopo ali kumutu, n'kumawerenga akutsatiza ndi chala. Kenako mayi wina anagwa. Mnyamata wina wamkulu anayamba kumenyetsa mutu pakhoma mpaka pepala linafiira. Nkhalamba ina inandigwira pakhosi ikukuwa kuti, "Wakuuza ndani kuti mwana wanga anafa? Wakuuza ndani?" Inandimenya chibakera pamphuno. Sindinadziteteze. Itatopa, inandifunsa ngati ingang'ambe kachidutswa ka pepala kokhala ndi dzinalo. Ndinaing'ambira.

Anthu atachepa, anabwera mayi wina dzina lake Mevlida, wovala mpango wakuda, maso ouma gwa. Analoza mzere wina ndi chikhadabo.

"Analemba izi ndani?"

"Mlongo wanga, ali ku Tuzla."

"Umuuze walakwitsa. Mwamuna wanga ndi Hajrudin, apa walemba Hajrudan. Chaka chathunthu ndakhala ndikumufuna m'maofesi, wina aliyense akundiuza kuti mwina ali kundende. Apa akuti anamuwombera pa mlatho, pa 3 Juni, ndipo anamuona ndi Ramiz wa kuchigayo. Ramiz sanama. Konza dzinalo."

Ndinakonza ndi bolopeni pakhoma pomwepo, iye akuyang'ana. Kenako anati, "Pa mlatho paja sanali yekha. Analipo khumi ndi mmodzi, apa pali atatu okha. Uli ndi cholembera, bwanji wangoima?"

Tsopano kompyuta yanga ili m'kachipinda kosungiramo matsache kumeneko. Ntchito ya mipando ndasiya. Ndikutaipa mochedwa, amandikalipira, ndipo sindidziwa chochita akayamba kulira. Iwe unkatani, unkadikira kapena unkafunsabe? Ukapeza mphamvu uwauze a Nijaz andilembere yankho.

Ndilekere apa. Panja pa chitseko pali anthu khumi ndi anayi, ndipo woyamba ndi nkhalamba ija inandithyola mphuno.

Mchimwene wako,
Midhat